Bambo anga ali pa ma ARV ndiponso ali ndi shuga: kodi hepatitis C angachizidwe?

Nachisale analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za matenda a chiwindi. Bambo anga ali ndi zaka 61, akhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa khumi, ndipo zaka zinayi zapitazi anawapezanso ndi shuga, moti amamwa metformin ndi glibenclamide tsiku lililonse. Mwezi watha, atadandaula kwa nthawi yaitali za kutopa ndi kusafuna chakudya, anawayeza magazi a pachala ndipo anatiuza kuti ali ndi hepatitis C. Amene anatipatsa zotsatirazo anati munthu wa matenda ambiri chotere thupi lake silingapirire mankhwala enanso, choncho tizingowasamalira kunyumba. Mawu amenewa andisowetsa tulo, chifukwa bambowa amayenda okha, amapita kudimba, ndipo sindikuona chifukwa chowatayira mtima. Kodi n'zoona kuti sangachizidwe? Nanga mayi anga, amene akhala nawo zaka 35, nawonso akayezetse?

Mwale wa kuchipatala anayankha:

Mayi Nachisale, pepani ndi nkhawa imene muli nayo. Choyamba, zimene mwauzidwazo sizinatsimikizire kuti bambo ali ndi kachilombo panopa. Kuyeza kwa pachala kumafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachilomboka, ndipo asilikaliwo amatsala m'magazi ngakhale iko katatha. Mwa anthu khumi amene atenga hepatitis C, pafupifupi atatu thupi lawo limakachotsa lokha m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira. Komanso kuno kwathu, kumene hepatitis C ndi yosowa poyerekeza ndi hepatitis B, zimachitika kuti kuyeza koyambako kumaloza munthu amene alibe vuto lililonse. Chofunika tsopano ndi kuyeza kwachiwiri, kotchedwa kuyeza kwa RNA, kofufuza kachilombo kenikeniko, monga momwe timayezera kuchuluka kwa HIV m'magazi. Makina a GeneXpert, amene ambiri mumawadziwa pa nkhani ya TB, amatha kuchita zimenezi ngati zipangizo zake za hepatitis C zilipo, koma sizipezeka m'chipatala chilichonse, ndiye pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu.

Akapezeka nako, matenda ena amene ali nawowo ndiwo chifukwa chofulumirira. Mwa munthu amene ali ndi HIV chiwindi chimachita zipsera msanga kuposa mwa amene alibe, ndipo shuga nayenso amawonjezera kuwonongekako. Ndikuganiza kuti amene anakulangizaniyo amakumbukira nthawi ya jakisoni wa interferon ndi mapiritsi a ribavirin, zimene munthu ankalandira mpaka masabata 48, akuvutika ndi kutentha thupi, kuchepa magazi ndi kukhumudwa, koma ochira n'kukhala theka lokha kapena kucheperapo mwa odwala a HIV. Nthawi imeneyo madokotala ankazengerezadi. Zinthu zinasintha kuyambira 2013 pamene mankhwala atsopano a hepatitis C otchedwa sofosbuvir anavomerezedwa ku America. Lero ndi mapiritsi okha, kawirikawiri kwa masabata 12, ndipo oposa 95 mwa anthu 100 alionse amachira, a HIV chimodzimodzi ndi ena. Kuyambira 2018 bungwe la WHO limalangiza kuti wamkulu aliyense amene ali ndi kachilomboka achizidwe, posatengera momwe chiwindi chake chilili.

Ntchito yaikulu ili pa kugwirizanitsa mankhwala. Ngati bambo ali pa TLD, ma ARV ophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir amene ambiri anasinthiridwa kuyambira 2019, zinthu n'zosavuta chifukwa dolutegravir salimbana ndi mankhwala a hepatitis C. Ngati adakali pa efavirenz, mankhwalawo amachepetsa mphamvu ya daclatasvir, mmodzi mwa mankhwala a hepatitis C, moti mlingo wa daclatasvir umakwezedwa kuchoka pa 60 mg kufika pa 90 mg, ndipo velpatasvir, winanso wa hepatitis C, saperekedwa n'komwe pamodzi ndi efavirenz. Ngati ali pa atazanavir ndi ritonavir, daclatasvir amatsitsidwa kufika pa 30 mg. Asanayambe ayezedwenso hepatitis B, chifukwa hepatitis C ikamachoka, B imene inali phee imatha kudzuka n'kuwononga chiwindi mwadzidzidzi, ndipo bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza za ngoziyi mu 2016. Mwayi wake ndi wakuti tenofovir ndi lamivudine za mu TLD zimapondereza hepatitis B, n'chifukwa chake asasiye ma ARV ngakhale tsiku limodzi poganiza kuti akupepuza chiwindi.

Pa shuga pali chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri. Kachilomboka kakayamba kutha, thupi limayamba kumvera bwino insulin, ndiye shuga amatha kutsika mopitirira mwa munthu amene akumwa glibenclamide pa mlingo wake wakale. Muziwayeza shuga pafupipafupi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mukaona thukuta, kunjenjemera kapena kusokonezeka maganizo, apatseni chotsekemera n'kupita nawo kuchipatala kuti akaonenso mlingo. Pemphaninso kuti awayeze impso, ndiponso AST ndi ma platelet, zoyezedwa m'magazi zimene zimathandiza kuyerekeza ngati chiwindi chauma kale ndi zipsera.

Mayi Banda a ku Leicester, ku England, anayankha:

Achemwali, ndikufuna kukulimbitsani mtima ndi zimene tinaona m'nyumba mwathu. Amuna anga impso zawo zinasiya kugwira ntchito ndipo amapita kumakina otsuka magazi katatu pa sabata. Kuno odwala otere amayezedwa hepatitis B ndi C kawirikawiri, chifukwa malo amene magazi a anthu ambiri amadutsa m'makina ndi oopsa ngati ukhondo waphonyeka. Madokotala anatifotokozeranso kuti munthu wofooka chitetezo nthawi zina saonetsa asilikali aja ngakhale kachilombo kalipo, choncho kwa iwo anadalira kuyeza kwa RNA. Atawapeza nako anawapatsa glecaprevir ndi pibrentasvir, mapiritsi atatu kamodzi pa tsiku pamodzi ndi chakudya, kwa masabata asanu ndi atatu, popanda kusintha mlingo chifukwa mankhwalawa sadalira impso potuluka m'thupi. Patapita masabata 12 atamaliza anawayezanso, ndipo kachilombo sikanapezeke. Kuyeza komalizaku n'kumene kumatsimikiza kuchira, musadzakudumphe. Ngati munthu wa pamakina anathandizidwa, sindikuona chomwe chingalepheretse bambo anu amene akulima okha.

Za mayi anu, akayezetse ndithu, koma asachite mantha kapena kuyamba kukayikirana ndi bambo. Hepatitis C imayenda makamaka kudzera m'magazi: kuthiridwa magazi osayezedwa, jakisoni wobwerezedwa, lumo limodzi lometera kapena lotemera mphini anthu angapo. Pakati pa mwamuna ndi mkazi okhulupirika sikawirikawiri kupatsirana, ndipo ine ndinapezeka ndilibe. Mbale, makapu ndi kupatsana moni zilibe vuto, koma lumo, mswachi ndi chowengera zikhadabo aliyense akhale ndi zake.

Gondwe wa mankhwala anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mwale, kupatula pa mawu akuti kufulumira, amene ndikufuna ndiwaikire malire. Pali nthawi imene kudikira n'koyenera. Rifampicin wa TB amachititsa kuti thupi litaye msanga mankhwala onse a hepatitis C, moti munthu akhoza kumwa masabata 12 athunthu osachira, n'chifukwa chake wodwala TB amayamba wamaliza mankhwala a TB. Rifapentine, amene ali m'mankhwala oteteza TB a kamodzi pa sabata omwe ena a HIV amalandira, amachitanso chimodzimodzi. Kutopa ndi kusafuna kudya mwa munthu wa HIV ndi shuga kukhoza kukhala TB, ndiye ayambe awayeza chifuwa. Mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital ali ndi vuto lomwelo, pamene amiodarone wa mtima akaphatikizidwa ndi sofosbuvir amachedwetsa kugunda kwa mtima moopsa. Ngakhale omeprazole, amene anthu amangogula akamva kutentha pamtima, amalepheretsa velpatasvir kulowa bwino m'thupi.

Mankhwala amene anathandiza amuna a Mayi Banda saperekedwa kwa munthu amene chiwindi chafooka mpaka kutupa mimba kapena kuchita chikasu, choncho musaitanitse mapiritsi kunja potengera zimene zinathandiza wina. Komanso ngati chiwindi chinauma kale, ngozi ya khansa siitheratu munthu akachira, ndipo amafunika kujambulidwa pamimba miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Katemera wa hepatitis C kulibe, ndipo wochira akhoza kukatenganso, pamene wa hepatitis B alipo ndipo bambo angalandire akapezeka kuti alibe.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti mtengo wa mankhwala a hepatitis C unatsika kwambiri chiyambireni kupangidwa ndi makampani a ku India ndi ku Egypt, koma odwala athu amabwezedwabe ndi mawu akale. Egypt, kumene matendawa anafalikira ndi majakisoni ochizira likodzo, inayeza anthu mamiliyoni makumi angapo kuyambira 2018 ndipo m'ntchito yomweyo inkayezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nachisale anayankha:

Zikomo nonse, mwandichotsa mwala pamtima. Ndaona m'buku lawo la kuchipatala ndipo ali pa TLD, koma nditafufuza m'chikwama chawo ndapezamo omeprazole ndi botolo la mankhwala azitsamba amene mnzawo anawapatsa kuti atsuke chiwindi, ndipo avomera kuti Loweruka amalawako kachasu. Takambirana mwaulemu ndipo alonjeza kusiya mowawo ndi botololo. Lachiwiri tikupita limodzi ndi mayi kukapempha kalata ya kuchipatala chachikulu, titanyamula mapiritsi onse m'mapaketi ake, ndipo ndalemba papepala zoti tikafunse: RNA, hepatitis B, TB, impso ndi ma platelet. Zotsatira zikatuluka ndidzabweranso, a Mwale, kuti mundithandize kuziwerenga.