Zotsatira za funso langa la place value kwa ana a Grade 8

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa la mwezi watha lokhudza ana asanu a Grade 8 amene ndimawaphunzitsa masamu Loweruka lililonse kuno ku Johannesburg, omwe ankalephera kufotokoza chifukwa chake 3 wa mu 305 amaimira zambiri kuposa 5. Phunziro limeneli ndi limene limatchedwa place value, kutanthauza kuti mtengo wa nambala umadalira malo amene yalembedwa.

Ambiri munati ndigwiritse ntchito ndalama, ndipo ndinatero. Ndinadula mapepala oimira R1, R10 ndi R100, n'kuwauza kuti alipire R305 ndi mapepala ochepa kwambiri. Aliyense anatulutsa atatu a R100 ndi asanu a R1, ndipo kulemba 300 + 0 + 5 sikunawavutenso. Ziro ndiye anatidyera nthawi, pakuti ana awiri ankaumirira kuti palibe chifukwa cholembera chinthu chimene palibe, mpaka nditawafunsa ngati angavomere kulandira R35 m'malo mwa R305.

Malangizo a ena a inu oti ndiyambe ndi 10² ndi 10³ (kutanthauza 10 × 10 ndi 10 × 10 × 10) ndinayamba ndawasiya, chifukwa ndinaona kuti akadangowasokoneza. Ndinawabweretsa sabata yachitatu, ana atamvetsa kuti malo aliwonse amaposa kakhumi malo a kumanja kwake.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti m'sukulu za kuno ma decimal (manambala okhala ndi gawo losakwana 1) amalembedwa ndi chizindikiro cha comma (,), monga 2,5, pamene ku Malawi tinazolowera kadontho. Mtsikana wina amene wangofika kumene kuchokera ku Mzimba ankawerenga 1,250 ngati 1250, ndipo ine ndinkaganiza kuti sakumvetsa phunzirolo. Amene mukuphunzitsa ana ochokera kwathu, yambani mwawafotokozera kusiyana kumeneku musanafike pa ma decimal.