Mawu a wotsogolera nyimbo akumira ndikaika reverb, thandizeni

WaKampepuza:
Abale muli bwanji nonse. Ine ndili ndi kasitudiyo kanga kuno ku Ntcheu, chipinda chimodzi basi, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i, ndimagwiritsa pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio pa laputopu ndi maiki imodzi ya condenser. Nde ndajambula kwaya ya amayi, mayi otsogolera ndinawajambula paokha kenako ena onse pamodzi. Vuto ndi loti amayiwa akufuna eko yomveka ngati ali m'tchalitchi chachikulu, koma ndikaika Fruity Reeverb 2, pulagini ya reverb yopangira ekoyo, pa tchanelo chawo nkukweza wet (kuchuluka kwa ekoyo) mawu akuthawira kumbuyo ngati akuimbira m'thanki, zomwe akunena osamveka, ndikatsitsa akuuma gwaa osagwirizana ndi kiyibodi. Pa mahedifoni zimamvekako bho koma ndikatumiza pa WhatsApp nkumvera pa foni zimangokhala phokoso. Wet ndi dry (mawu opanda eko) mumaika pa chani inu?

Madala_a_Dedza:
Achimwene musanakhudze wet ndi dry, mayiwo anaima kutali bwanji ndi maiki? Ndikufunsa chifukwa chipinda mwafotokozacho chili kale ndi reverb yakeyake, ndipo siyabwino. Lowani pakati muombe m'manja kamodzi mumvere, mumva kakulira kotsalira kaja, nde kameneko maiki ya condenser imatola konse. Maiki imalandira zinthu ziwiri, mawu ochokera pakamwa molunjika ndi mawu omwe agunda khoma, simenti ndi malata nkubwerera. Munthu akasuntha kuchoka pa 20 cm kufika pa 40 cm mawu olunjika aja amatsika pafupifupi 6 dB (muyezo wa voliyumu) pomwe za chipindazo zimangokhala momwemo, akasunthanso kufika 80 cm atsikanso chimodzimodzi. Nde amayi athu akwaya anazolowera kuimba ataima patali kwinaku akuvina, maiki amaiopa.

Zikatero chomwe inu mukuchitcha dry sichili dry ayi, mukuika tchalitchi pamwamba pa chipinda chanucho. Ndipo chipinda chikalowa mu rekodi kuchichotsa ndi ntchito, mapulagini ochotsera alipo koma amasiya mawu ofooka. Ngati amayiwo sali kutali aitaneni abwerezenso, aime ngati 15 mpaka 20 cm ndi pop filter (kansefa kotchinga mpweya kutsogolo kwa maiki), kumbuyo kwawo muimike matiresi, m'mbali mupachike mabulangete okhuthala, kuno kozizira mabulangete sasowa kkkk. Pansi yalani kapeti kapena mphasa ndi chitenje. Mathileyi a mazira musavutike nawo, sagwira kanthu.

BitiZaLizulu:
Madala anena zoona. Ine ndiwonjezere za mu kompyuta. Reverb ichotseni pa tchanelo cha mawu, tsegulani tchanelo china pa mixer muike Reeverb 2 yo pamenepo, dry itsike mpaka ziro, kenako mawu muziwatumizako ndi send, ka knob kotumizira gawo la mawu ku tchanelo china. Mukatero mawu enieni sakhudzidwa, akhala pa fader yawo, reverb nayo pa fader yake, simukulimbananso ndi ka knob kamodzi.

Chachiwiri ndi predelay, kanthawi kodikira reverb isanayambe, apa mpomwe ambiri sayang'ana. Ikani pakati pa 20 ndi 40 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi) kuti liwu liyambe latuluka loyera reverb izibwera pambuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, nde 30 ms ndi ulendo wa mamita 10, khutu limangomva kuti munthu ali pafupi nane koma makoma ali kutali, zomwe amayiwo akufunazo. Mukafuna igwirizane ndi biti gawani 60000 ndi BPM (mabiti pa mphindi), nyimbo ya 100 BPM ikupatsani 600 ms, mugawenso ndi 16 ikhala 37.5 ms, yambirani pamenepo. Kenako low cut (yodula mawu a besi) pa reverb yokhayo, kwezani mpaka 300 kapena kufika 600 Hz, high cut (yodula mawu osongoka a pamwamba) cha m'ma 8 kapena 10 kHz kuti ma s aja asamathethetse. Matope ambiri amakhala m'munsimu. Decay, kutalika kwa ekoyo, ndingayambe ndi masekondi awiri, nyimbo ikakhala yothamanga chepetsani.

Nambala ya wet palibe angakuuzeni man, nyimbo ikusewera yonse kwezani send pang'onopang'ono mpaka muimve reverb, nde mubwerere kumbuyo pang'ono. Osaisaka pa solo, mawu akumveka okha.

Alto_wa_Bembeke:
Ine si wa makompyuta, ndimangoimba, koma ndiyankhulireko amayi anzangawo. Tikamati tikufuna eko sikuti tikufuna mawu asowe ayi, nyimbo ya Mulungu anthu amamvera uthenga, agogo akumudzi akalephera kumva vesi amati nyimbo yaonongeka olo zida zikhale zabwino bwanji. Chomwe timafuna ndi choti gulu limveke lambiri komanso lili pamodzi. Ndipo chonde musamatijambule mmodzimmodzi tonse, timatayana, alto imatsamira pa soprano. Bwanji gululo osakalijambulira m'tchalitchi momwemo tsiku lapakati pa sabata kuli zii?

Madala_a_Dedza:
Mayi mwalasa. Gulu likhoza kujambulidwa m'tchalitchi ndithu ngati chili chachikulu chokhala ndi denga lalitali, kungoti musankhe nthawi yopanda mvula chifukwa malata akayamba kulira basi tsiku lapita. Nde achimwene a Kampepuza gawani chonchi, otsogolera send yochepa, gulu send yochuluka, onse kupita mu reverb imodzi yomweyo kuti amveke ali malo amodzi. Otsogolera abwera kutsogolo okha osakweza voliyumu. Apa ndisiyana pang'ono ndi a Lizulu, predelay yaitali ija ndi ya otsogolera, gulu ine ndimalifuna kumbuyo, nde ndikakhala ndi mpata ndimalipatsanso ka reverb kena kafupi ndikukweza ER, ma early reflections aja, mawu oyamba kubwerera kuchokera ku makoma, ndi amene amauza khutu kukula kwa chipinda.

WaKampepuza:
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndi inunso mayi. Otsogolera abweranso dzulo, matiresi ndaimika, send ndapanga, kusiyana kwake ndi kwakukulu heavy. Chatsala ndi pa foni, pa kolasi pomwe onse alowa mawu ena akubisikabe.

BitiZaLizulu:
Pa mahedifoni reverb imafalikira kumanzere ndi kumanja mawu ali pakati nde khutu limazisiyanitsa, pa foni ya sipika imodzi kapena ka Bluetooth zonse zimaunjikana malo amodzi. Pa master pali ka knob ka stereo separation, kapotozeni mpaka zikhale mono mumvere kolasiyo motsitsa voliyumu, mukamva liwu lililonse ndiye kuti zatheka, mukatero kabwezeni. Zikakanikabe ikani Fruity Limiter pambuyo pa reverb ija, muisinthe ikhale pa comp, mupange sidechain kuchokera kwa otsogolera kuti akamaimba reverb izitsika ndi 2 kapena 3 dB, akapuma izikweranso. Kenako nyimboyo ikani pa fulashi mukapemphe wa shopu yoika nyimbo pa msika akuseweretseni pa sipika yake mutaima kutsidya la msewu.