Waya wa eriyo m'nyumba ukungokoka phokoso pa shortwave (SW)

Wa pa benchi: Amisiri anzanga, mutu waima. Kasitomala amakhala nyumba yosanja, mwini nyumba wakana zomanga waya panja. Ndazunguliza waya wa eriyo wa mamita 12 m'mbali mwa siling'i n'kukanikiza ku telescopic, kandodo ka eriyo ka pa wailesi, ndi clip. Pa mabandi a shortwave a 31m ndi 49m kukungomveka "zzzz", ndipo siteshoni imodzi ikutulukira malo atatu pa dial. Ndikachotsa waya bola. Wailesi ndi yam'manja, ilibe vuto, ndinaiyesa ndekha. Mawa munthu akufuna ndalama yake.

Mkulu wa mavalavu: Earth, waya wopita ku chitsulo chokhomera m'nthaka, mwaika? Eriyo yopanda earth ndi theka la eriyo.

Kapasita: Siteshoni kutulukira patatu ndi overload imeneyo, siginolo yaichulukira wailesi, achimwene. Tiwailesi timeneti anatipangira kandodo kafupi, inu mwatipatsa mamita 12. Dulani atsale 5. Clip chotsani, ingokulungani waya wosasenda kanayi kapena kasanu pa telescopic, apo ayi ikani kapasita ya 47pF pakati.

Mayi wa ma inveta: Musanadule chilichonse, ikani wailesi pa mabatire muzimitse main switch. Zzzz ikasiya, gwero lili m'nyumba momwemo. Ine ndinataya masiku awiri ndikusintha mawaya kwa gogo wina, mpaka kukwera m'denga, fumbi m'maso tho! Kumapeto chinali kachaja ka foni kuseri kwa kabati, kopanda ndi foni komwe. Titakazula, 6 MHz inayera mbee. Mababu a LED otchipa nawonso ndi afiti.

Mkulu wa mavalavu: Zonsezo earth imathetsa. Ndayamba ntchitoyi ena musanabadwe.

Kapasita: Akuluakulu, munthu ali m'mwamba, chitsulo akhomera pati? Akatenga earth ya pa soketi ndiye waitanira phokoso la nyumba yonse. Ndipo wina asayesere zimenezi pa mawailesi a mavalavu aja opanda transformer, chassis imakhala ndi moto.

Mayi wa ma inveta: Komanso wayayo asayende limodzi ndi nthambo za magetsi. Podutsana adutsane mopingasa. Muyandikizeni kuwindo, makoma a konkire okhala ndi zitsulo amameza siginolo.

Soldala: Chenjerani ndi static, imapha FET, transistor ya kutsogolo kwa wailesi, mwakachetechete. Ndinalipirapo wailesi ya mwini. Ma diode a 1N4148 awiri otembenuzana amateteza, koma pafupi ndi transmitter yamphamvu iwonso amabweretsa masiginolo osakanikirana. Ine m'nyumba ndinasiya za waya wautali. Lupu ya mita imodzi m'mimba mwake, variable capacitor yogwetsa mu wailesi yakufa, kalupu kakang'ono kotengera siginolo. Umangoitembenuza mpaka phokoso litatsika. Chotopetsa n'kuchuna kawiri ukasintha bandi, ndipo makasitomala sakonda.

Mkulu wa mavalavu: Lupu ndi zoseweretsa. Ngakhale waya woyala pansi pa kapeti, bola mbali inayo ya eriyo ikhalepo.

Soldala: Imeneyotu ndi counterpoise, bambo, si earth.

Mkulu wa mavalavu: Dzina lokha.

Wophunzira: Pepani mabwana kulowerera. Nanga eriyo ya FM ija yooneka ngati T, ndidule bwanji?

Kapasita: 143 gawa ndi MHz, upeza utali wake m'mamita. Pa 98 ndi pafupifupi 1.46m yonse, 73cm mbali iliyonse. Denga lanu ndi lamalata?