Msana wandizunza miyezi 8, ndipite kwa chiropractor?

Membala wobisa dzina

Moni nonse a m'gulu muno. A admin mundikhululukire, ndabisa dzina chifukwa muno muli anthu a kumpingo kwathu, ndipo nkhaniyi ikafika kumudzi amayi anga sadzagona tulo.

Ndine mayi wa zaka 41, kwathu ndi ku Mulanje, kuno ku Johannesburg ndimakhala ku Rosettenville. Ndimasamalira gogo wina cha ku Randburg amene anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko. Ntchito yanga yaikulu ndi kunyamula: kuwachotsa pabedi kuwaika pa wilutcheya, kubafa, kuchimbudzi, kubwereranso pabedi, tsiku ndi tsiku.

Zinayamba mu Meyi chaka chatha, m'mawa wina kukuzizira kwambiri. Ndinawagwira m'khwapa agogowo, ndikutembenuka nawo, ndinangomva chinthu chalasa m'chiuno ngati wina wandibaya ndi singano yamoto. Ndinapirira poti ntchito sinamira. Pano ululu umachokera m'chiuno, kutsika thako lakumanzere, kuseli kwa ntchafu mpaka pakatumba, ndipo nthawi zina zala za kuphazi zimachita dzanzi. M'mawa sindidzuka ngati munthu. Ndimayamba ndagubudukira cham'mbali, kutsitsa miyendo, kugwira khoma, kenako ndikuyima pang'onopang'ono. Sokosi amandiveka ndi mwana wanga. Mu takisi yochokera pa Bree ndikakhala mpando wakumbuyo, hampu iliyonse ndimaimvera m'mutu.

Mu Disembala ndinapita kumudzi pa basi. Masiku awiri pampando, Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, pofika pa Wenela anachita kunditsitsa. Azakhali anati ndi nyamakazi, ananditema mphini m'chiuno. Sizinasinthe.

Mankhwala ndamwa ambiri: Panado, Brufen, Indocid amene ndinabwera naye kuchokera kumudzi, Adco-Dol, ndipo Grand-Pa ndimamwa atatu patsiku kuti ndifike madzulo. Tsopano m'mimba mwayamba kuotcha, chilungulira usiku wonse. Ndatopa nawo mapilitsi, ndikufuna njira ina yosadalira mankhwala.

Mwana wa agogowo wandiuza kuti ndipite kwa chiropractor, aja owongola msana ndi manja, akuti ulendo woyamba alipira iyeyo. Koma ndaonera mavidiyo pa TikTok, munthu akupotokoledwa khosi mpaka kumveka khoo, ndachita mantha. Kodi amenewa ndi madokotala enieni? Alipo muno anapitako nathandizidwa? Sangandipundule? Ndili ndi ana atatu akudalira msana womwewu.

Bambo wa ku City Deep

Achemwali pepani, ndikuudziwa ululu umenewo. Ine ndimatsitsa matumba a mbatatesi ndi anyezi pamsika, msana unandigwira zaka zitatu zapitazo. Ndinapita ku chipatala cha chiropractic cha yunivesite ya Johannesburg (UJ) pa Doornfontein, pafupi ndi Ellis Park. Amene amakugwira ndi ana a sukulu a zaka zomaliza, koma pamakhala aphunzitsi awo oyang'anira, ndipo mtengo ndi wotsika poyerekeza ndi apulaiveti. Tsiku loyamba musakhale ndi changu, mafunso ndi ambiri zedi. Kenako anandigoneka cham'mbali, bondo limodzi lopinda, dzanja lina paphewa lina pachiuno, nandiuza kuti nditulutse mpweya. Anangokankha kamodzi, khoo! Sizinawawe, ndinangodzidzimuka. Ndinatuluka ndili wopepuka, koma ndinene zoona, patapita masiku atatu ululu unabwerera. Chimene chinandichotsa pamavuto ndi mafizo amene anandipatsa kuti ndizichita kunyumba, ndimachitabe mpaka lero ndisananyamuke.

Mayi wogulitsa mankhwala azitsamba

Asisi bwerani ku inbox. Ndili ndi tiyi ndi makapisozi ochotsa kutupa konse m'thupi, msana, nyamakazi, BP, shuga, sabata ziwiri basi mwachira.

Admin

Amayi, malonda a mankhwala pa nkhani za odwala sitilola muno. Mukabwereza tikuchotsani.

Namwino wa ku Benoni

Achemwali anga, nkhani ya chiropractor tiiike kaye pambali, ine zandidetsa nkhawa ndi mapilitsiwo. Brufen, Indocid ndi aspirin ndi banja limodzi, ndipo mu Grand-Pa muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Ndiye kuti mukumwa mankhwala atatu a mtundu umodzi nthawi imodzi. Amenewa amaperesa m'mimba mpaka zilonda, amaononganso impso. Kuotchako ndi chenjezo kale. Komanso paracetamol ali mu Panado, mu Grand-Pa ndi mu Adco-Dol momwe, munthu amatha kupyola muyezo wa magalamu 4 patsiku asakudziwa, chiwindi ndikuvulala. Adco-Dol ali ndi codeine, thupi limamuzolowera mpaka kulephera kusiya. Ngati muli pa ma ARV a TLD chenjerani koposa, tenofovir amene ali m'menemo ndi ma Brufen akakumana tsiku ndi tsiku impso zimalemedwa.

Tsono ndiyankheni mafunso awa moona mtima. Mkodzo kapena chimbudzi zimatuluka zokha, kapena mumalephera kukodza? Pali dzanzi pakati pa miyendo, malo amene munthu amakhalira pa chishalo cha njinga? Miyendo yonse iwiri ikufooka, kapena phazi likukokeka pansi poyenda? Ngati chimodzi mwa izi chilipo, musadikire mawa ndipo musapite kwa wina aliyense wowongola msana, thamangirani ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, lero lomwe, ku chipatala cha South Rand muli napo pafupi. Chimodzimodzi mukaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi.

China chimene ife a kuno kwathu sitiyenera kuiwala ndi TB ya msana. TB si ya m'mapapo mokha, imadya mafupa a msana mwakachetechete. Munthu amawonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha madzulo, ululu sutha ngakhale atagona. Fupa lotere wina akalikankha mwamphamvu likhoza kuphwanyika. Nchifukwa chake ndikuti yambani mwapimidwa.

Membala wobisa dzina

Zikomo anamwino, mwandiopsa koma mwandithandiza. Kukodza kulibe vuto, dzanzi ndi la zala ziwiri zokha za phazi lakumanzere, sindikuwonda, thukuta la usiku palibe. Ndikagona chagada pilo ali kunsi kwa mawondo ululu umachepa. Za paracetamol sindimadziwa ngakhale pang'ono. Ku kiliniki ndinasiya kupita kuyambira tsiku lina pamene anthu ena anaima pa geti ndikumafunsa mapepala. Ndinabwerera panjira, ndikuyamba kugula ndekha mankhwala.

Namwino wa ku Benoni

Ndikumvetsa achemwali, ambiri abwerera choncho. Yesani kiliniki ya kufupi ndi kuntchito, mupite ndi pasipoti ndi mapaketi onse a mankhwala amene mukumwa. Pemphani akupimeni BP ndi impso, ndiponso akulembereni kalata yopita kwa a physio ku chipatala cha boma.

Wophunzira za physio

Amayi, ndiyankheko funso lanu loti ndi madokotala enieni kapena ayi. Kuno ku South Africa chiropractor amaphunzira ku UJ kapena ku yunivesite ya DUT ku Durban mpaka digiri ya masters, ndipo lamulo limafuna kuti alembetsedwe ku bungwe loyang'anira ntchito yawo la AHPCSA. Ife a physio timalembetsa ku bungwe lina la HPCSA. Ndiye musachite manyazi kufunsa nambala yake ya kulembetsa. Aja amamata mapepala m'mapolo a magetsi mu town kuti amawongola msana, kubweza wokondedwa ndi kuchotsa minyama ndi anthu ena, osawasakaniza.

Ntchitoyi anaiyambitsa D.D. Palmer ku Davenport ku America mu 1895. Iye ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera chifukwa mafupa a msana asuntha pamalo pake. Zimenezo sayansi sinazitsimikize, choncho wina akakuuzani kuti achiza BP, shuga kapena kusabereka pokankha msana, tulukani. Phokoso lija si fupa kubwerera m'malo. Ndi mpweya wa m'madzi a mu mfundo, monga mmene zala zimalirira tikazithyola.

Koma pa msana wa m'munsi imathandizadi anthu ena, makamaka kuchepetsa ululu ndi kuuma kwa kanthawi kuti munthu ayambenso kuyenda. Mu Disembala 2023 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a msana wopweteka kupitirira miyezi itatu. Kuwongola msana ndi manja ndi kutikita minofu zili m'gulu la zinthu zimene anati zikhoza kugwiritsidwa ntchito, limodzi ndi mafizo ndi kuphunzitsa wodwala za vuto lake. Malamba omanga m'chiuno, makina okoka msana ndi mankhwala a mtundu wa codeine anati asamaperekedwe mwachisawawa.

Mmene mwafotokozera zikufanana ndi vuto la mtsempha wa sciatic, umene umachokera m'chiuno kutsikira kumwendo. Pakati pa mafupa a msana pali timakhushoni totchedwa madisiki. Mukanyamula cholemera mutawerama ndikupotoka, disiki ya m'munsi, kawirikawiri ya L4-L5 kapena L5-S1, imatha kutundumuka ndikukhudza mtsempha wopita kumwendo, malowo ndikutupa. Ndiye chifukwa chake mwendo ukuwawa pamene vuto lili m'chiuno. Chotonthoza nchakuti madisiki ambiri otere amafota okha ndipo anthu ambiri safika pa opaleshoni. Koma ine sindinakupimeni, wokugwirani ndi manja ndi amene anganene.

Za khosi, mantha anu ali ndi maziko. Sizichitika kawirikawiri, koma alipo anthu amene mtsempha wa magazi wa m'khosi unang'ambika atapotokoledwa, nadwala sitiroko. Inu khosi silikukupwetekani, ndiye muwauze poyambirira kuti asaligwire. Ufulu umenewo muli nawo.

Telala wa ku Mayfair

Ine ndikutsutsako pang'ono. Ndinapita kwa wina wapulaiveti, tsiku loyamba lomwelo anandijambula X-ray, nandionetsa kuti msana wanga ndi wokhota, ndikundiuza kuti ndilipiretu maulendo 24. Ndinabwereka ndalama ku chipereganyu. Nditafika ulendo wa 10 panalibe kusintha, ndalama osabweza. Chimene chinandithandiza ndi kukweza mpando wa pa makina ndi kumadzuka kukayenda pang'ono ola lililonse. Achemwali, musalipiretu. Mukapita kanayi kapena kasanu osaona kusintha, siyani.

Agogo a ku Turffontein

Mwanangu, usaiwale za makolo. Thowa m'chiunomo ndi kansalu ka madzi ofunda madzulo aliwonse, wina akusisite ndi mafuta. Uzimwa tiyi wa jinja ndi chikasu, umachotsa kutupa. Mphinizo mwina sanakuteme pamalo pake.

Namwino wa ku Benoni

Amayi, za kuthowazo ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse, kutentha kumamasula minofu. Botolo la madzi otentha lokulunga m'thawulo, mphindi 15 kapena 20, ndi lokwanira. Jinja ndi chikasu m'zakudya palibe choipa, kungoti sizingasunthe disiki, ndipo m'mimba mwa mwana wanuyu muli kale moto, asachulutse. Koma mphini ayi amayi, ndikupemphani. Mtsempha wovutawo uli mkati kwambiri, lezala safikako, chimene amabweretsa ndi mabala ndi matenda ngati watemera anthu angapo.

Mnzanu pantchito yosamalira okalamba

Asisi, onsewa anena zabwino koma palibe wafunsa za agogowo. Olo akuwongoleni Loweruka lililonse, Lolemba mukawanyamulanso m'khwapa mutawerama, mwabwerera pomwe munali. Ine ndachita ntchito imeneyi zaka 9. Wilutcheya iziyima mogundana ndi bedi, kumbali imene agogowo ali ndi mphamvu, mabuleki otseka. Ayambe akhala m'mphepete mwa bedi mapazi ali pansi. Inu pindani mawondo, muwayandikire mpaka chifuwa, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno. Pali lamba amene amamangidwa m'chiuno mwa wodwala kuti muzigwira pamenepo, ndi wosakwera mtengo. Ngati sangathe kuyima ndi mwendo umodzi womwe, imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi, pamafunika makina onyamulira aja amati hoist, amapezeka obwereka. Mwana wawoyo ngati wavomera kulipira chiropractor ndiye kuti ndi womva, muuzeni zimenezi.

Chinanso, munavulalira pantchito. Mu Novembala 2020 khoti lalikulu la dziko lino, Constitutional Court, linagamula kuti ogwira ntchito za m'nyumba nawonso akhale pansi pa lamulo la COIDA la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Funsani ngati abwana anakulembetsani, ndipo sungani kapepala kalikonse ka kuchipatala.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso abale patatha sabata zitatu, ambiri mumafunsa kwa admin. Ndinayamba ku kiliniki monga ananenera anamwino. Impso zili bwino, BP inali yokwera pang'ono. Anandiletsa Brufen, Indocid ndi Grand-Pa, nandipatsa mankhwala a m'mimba ndi Panado yekha, kalata ya physio ndili nayo, tsiku ndi la mwezi wamawa. Masiku oyamba osamwa Grand-Pa mutu unkandiwawa kwambiri, pano zasiya.

Ku Doornfontein ndapita kawiri. Mtsikana amene anandilandira anandigoneka chagada ndikukweza mwendo wakumanzere uli wowongoka, usanafike patali ululu unathamanga mpaka kuphazi. Anandiyendetsa ndi zidendene, ndi zala, nandigogoda pabondo ndi kanyundo, kenako anakaitana aphunzitsi ake. Ndinanena za khosi, sanaligwire. Ananditikita thako ndi chiuno, kundikankha pang'onopang'ono, ndikundiphunzitsa mafizo atatu. Anatinso ndiziyenda mphindi 20 tsiku lililonse m'malo mogona Lamlungu lonse monga ndinkachitira.

Sindinachire. Ululu ulipo, koma tsopano umathera pantchafu, sukufikanso pakatumba, ndipo dzulo sokosi ndavala ndekha. Mwana wa agogo wagula lamba uja, za hoist akuti akambirana ndi alongo ake, pakadali pano wogwira ntchito m'munda amandithandiza m'mawa posambitsa. Za COIDA sindinalimbe mtima kufunsa, asisi mundiuze mmene munayambira kuinena nkhani imeneyi kwa abwana anu.

Funso lina ndi la pogona. Matiresi anga ndi a siponji, anakumbika pakati, ndipo ndalama ya ena ndilibe mpaka mwezi uthe. Ndiwatsitse pansi pa simenti, kapena ndiike thabwa kunsi kwake pabedi pomwepo?