Kodi asilikali a mizinga ankanyamula chiyani m'chiuno?

Mphunzitsi wa ku Bangula: Akuluakulu, mwana wa fomu 3 wandifunsa dzulo: m'zaka za m'ma 1800, adani akafika pafupi, oombera mizinga ankadziteteza ndi chiyani?

Bambo wa ku Ngabu: Aphunzitsi, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, 1861 mpaka 1865, ambiri analibe mfuti. Mabwana ndi masajeni ndiwo ankakhala ndi lupanga ndi mfuti yaing'ono yamtundu wa Colt. Akuluakulu a asilikali ankaopa kuti munthu ukampatsa mfuti yakeyake, asiya mzinga n'kumawombera yekha. Chitetezo chawo chinali chitini chodzaza timipira tachitsulo chomwe ankachiombera ndi mzinga, chikaphulika chimamwaza ngati mchenga.

Mayi wa ku Chiromo: Nanga zipolopolozo zikatha, achimwene?

Bambo wa ku Ngabu: Pa nkhondo ya ku Gettysburg, ku America komweko, mu 1863 ena anamenyana ndi ndodo zotsindira onga ndi mipiringidzo yotembenuzira mzinga. Zinalipodi, mayi.

Mnyamata wa ku Nchalo: Afalansa ankapatsa oombera mizinga awo mfuti zazifupi ndi lupanga lalifupi lonenepa. Ine ndikuona kuti lupangalo linkagwira ntchito yodula thengo kuposa kubaya munthu.