Zotsatira za funso langa lija la ma checkpoint a Bitcoin Core

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa ngati ma checkpoint (zizindikiro zolembedweratu mu pulogalamu) akutanthauza kuti node yanga (kompyuta yanga yoyendetsa Bitcoin Core, pulogalamu yotsimikiza malipiro a Bitcoin) ikungokhulupirira opanga pulogalamu osatsimikiza yokha. Ndinatsatira langizo loti ndikoperenso blockchain yonse (tcheni cha mabuloko, omwe ndi magulu a malipiro olembedwa motsatizana) nditaika assumevalid=0, lamulo louza pulogalamu kuti itsimikize siginecha ya malipiro aliwonse, ngakhale akale. Zinachedwa ndithu, kompyuta mpaka kutentha, koma inafika pa buloko yomweyo imene ena onse ali.

Kwa amene mudzafunse zomwezi: checkpoint inali hash (nambala yaitali yozindikiritsa buloko) ya buloko yakale yolembedwa mu pulogalamu mpaka ma checkpoint atachotsedwa mu 2025, yoteteza kuti wina asakupatseni tcheni chabodza chophukira pansi pa bulokoyo. Tcheni chotere n'chotchipa kupanga, popeza kale kukumba (ntchito ya makompyuta yopanga mabuloko atsopano) kunali kosavuta. Checkpoint yomaliza inali ya buloko 295000, ya 2014. Kudumpha kutsimikiza ma siginecha akale masiku ano si ntchito ya checkpoint koma ya assumevalid, yomwe inabwera ndi Bitcoin Core 0.14 mu 2017.