Malembo okongoletsa aja akuoneka ngati timabokosi, nditani?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa zitenje ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo mphwanga anandilembera dzina la bizinesi pa Facebook ndi malembo opindikapindika aja okopera pa intaneti. Pa foni yanga akuoneka bwino zedi. Koma mayi wina wa ku Katete wanditumizira chithunzi: pa foni yake pangondandalika timabokosi tokhatokha. Winanso akuti akalemba dzinalo pofufuza, tsamba langa silikutuluka.

Mnzanga wokonza mafoni akuti amenewa si malembo wamba koma zizindikiro za masamu za mu Unicode (ndondomeko ya zilembo ndi zizindikiro imene mafoni ndi makompyuta amagwiritsa ntchito), n'chifukwa chake mafoni akale sazidziwa. TalkBack, pulogalamu ya pa foni imene imawerengera anthu osaona, imazitchula mosamveka kapena kungozidumpha. Pa SMS nakonso n'zodula: uthenga umodzi umalola zilembo 160, koma ukaikamo zimenezi malire amatsika kufika pa 70. Kukongola kwake sindikukana, koma wogula asowe pondipezera?

Pa WhatsApp ndimaika kanyenyezi uku ndi uku, mawu n'kunenepa bwinobwino pa foni iliyonse. Kodi pa Facebook ilipo njira yotere? Nanga ndikabwezera dzinalo m'malembo wamba, onditsatira aja satayika? Amene munasinthapo, ndiuzeni mmene zinayendera.